Chiphulusa cha ku Takulandirani

Maufumu ena amatchuka ndi nkhondo, ena ndi miyala yamtengo wapatali, ena ndi njala. Ufumu wa Takulandirani unatchuka ndi kulandira alendo. Imeneyi ndiyo inali ntchito yaikulu ya boma, ndipo kunena mosapsatira, ndi yokhayo imene inkagwiridwa mpaka kumapeto. Zikangomveka kuti kukubwera mlendo, miyala ya m'mbali mwa msewu inkapakidwa laimu, mitengo inkapakidwa laimu kulekeza m'chiuno, ndipo chaka china mbuzi imene inagona pafupi ndi msewu inadzuka itayera mbali imodzi. Eni dziko akadwala ankauzidwa kuti mankhwala atha. Mlendo akayetsemula, nduna zitatu zinkagundana mitu pothamangira mpango.

Kudziko limeneli ndi kumene anabwerera a Filimoni Kadzakumanja, atatha zaka makumi atatu ndi chimodzi kutsidya kwa nyanja zamchere. Anabwera ndi masutikesi awiri odzaza mabuku, chijasi chimene sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndi mawu atatu amene anakhazikika pamilomo pawo ngati chipsera: "Kumene ndinali ine." Kumene anali iwo basi inkafika pa nthawi yake. Kumene anali iwo munthu sankalavula paliponse. Anthu anamvetsera mwezi woyamba, mwezi wachiwiri n'kuwapatsa dzina loti a Kumenendinali.

Dzinalo silinkawapweteka kwenikweni. Chinkawadya mumtima n'chakuti kwawo komwe ankawalandira ngati mlendo. Pamaliro, amuna amsinkhu wawo atakhala pansi pamtengo, iwo ankawabweretsera mpando wa ndalema. Akafuna kugwira khasu kumanda, adzukulu ankawalanda mwaulemu. Ena ankawayankhula pang'onopang'ono, mokweza, ngati kuti chinenero cha amayi awo anachiiwala m'ndege. Nyumba imene anabadwiramo anaipeza ili malo otchajira mafoni. Ndiye madzulo ankakhala pakhonde la nyumba yalendi n'kumalira Takulandirani wakale: beru la fakitale ya aluminiyamu likulira m'mawa, abambo awo akupita kuntchito atavala ovolosi, utsi ukukwera ngati nsembe. Anali ataiwala kuti dziko ankaliliralo ndi lomwe lija analithawa akulitukwana, akulumbira kuti sadzapumanso utsi umenewo.

Fakitaleyo inatsekedwa kalekale. Eni ake pochoka anazula chilichonse, ndi mahinjesi a zitseko omwe. Chimene anasiya ndi phiri lotuwa la zotsalira za m'ng'anjo kuseri kwa mzinda wa Fikanimo, limene anthu ankalitcha Chiphulusa.

Phiri limeneli a Kadzakumanja ankalidziwa mtengo wake. Kunja kuja ankagwira ntchito pafakitale yosungunulanso phulusa lotere. Ntchito yawo inali yotsegula geti ndi kulemba nambala za malole, koma m'kanyumba ka pagetipo anawerengamo mabuku ambiri kuposa mabwana awo onse. Atafika kwawo wina anawatcha Injiniya, ndipo iwo, poona kuti kukana ulemu n'chipongwe, anavomera.

Tsiku lina anatsetserekera ku msika wa Tilipobe kukaona msuweni wawo Nachisale, mayi wamasiye amene ankatsogolera mabanja makumi anayi opanga mapoto. Anamupeza akupukusa gudumu la njinga lopemerera moto m'ng'anjo ya mgolo womata dothi. Pansi panali zikombole za mchenga, ndipo pathandala panali mapoto, mabeseni ndi zipande zonyezimira.

"Eee, amuna anga afika!" anafuula Nachisale, monga amaserewulana asuweni. "Apatseni mpando alendo. Mwabwera kudzatiuza mmene amapukusira gudumu kumene munali?"

"Nachisale, iwe ndi anzakowa mukusewera pamwamba pa chuma."

"Ayi, ife timasewera pansi pake. Pamwamba n'pakufa."

Anawafotokozera uku akupukusabe. Mvula ya zaka zonsezi inaumitsa khungu la phirilo, ndipo m'khungumo mulibe kanthu. Chuma chili mkati, mouma. Iwo amaboola timauna, n'kutulutsa phulusa louma, n'kulisefa, n'kutola timibulu ta chitsulo. Akamaweruka amatseka pakhomo pa una ndi malata ndi malona, chifukwa phulusalo silionana ndi madzi.

"Likanyowa limanunkha ngati kuseri kwa bala, maso kuwawa, chitsulo n'kusanduka dothi. Ukaliponya lonyowa m'ng'anjo limaphulika. Malemu bambo a kwathu anapita kumanda ndi zala zisanu ndi zitatu, ziwirizo zinatsogola."

"Zimenezo ndikuzidziwa, zili m'mabuku," anatero a Kadzakumanja. "Koma inu mukutola nyenyeswa. Kumene ndinali ine amatengamo chitsulo chonse, amatengamo mchere, ndipo chotsalacho amapangira simenti. Palibe chotayidwa. Pangofunika anthu a ndalama."

"Anthu a ndalama akabwera, ife tidzaima pati?"

"Mudzalembedwa ntchito. Mudzavala magolovesi."

"Magolovesi sitidya, amuna anga. Koma pitani, mwina mukatitengera kumene munaliko mutibweretsere konkuno."

A Kadzakumanja anakhala masabata atatu akulemba chikalata cha masamba makumi anayi, chokhala ndi mawu a anthu anzeru asanu ndi awiri amene onse anamwalira asanamvepo za Takulandirani. Anachitumiza kunyumba yachifumu, ndipo makope ena anawatumiza kwa ampondamatiki akunja amene maina a makampani awo ankawaona pamalole aja. Kunyumba yachifumu palibe anachiwerenga. Koma ampondamatiki atatu atayankha kuti abwera kudzaona phirilo, chikalatacho chinafunidwa mwamsangamsanga, n'kupezeka chikuchirikiza mwendo wa tebulo la mlembi.

Mfumu Sindinalakwe Wachinayi inaitanitsa bwalo. Bwalo la ku Takulandirani linali ndi mwambo umodzi woposa malamulo onse: mfumu ikatsokomola, nkhani yatha, ndipo amene wayankhula komaliza ndiye wanena zoona. Choncho nduna zinkayankhula maso ali pakhosi pa mfumu.

Anayamba ndi a Kapakalaimu, Nduna ya Alendo ndi Maonekedwe a Dziko, munthu amene nsapato zake zinkafika pamalo mwini wake asanafike.

"Mwini Dziko, inu amene mvula imapempha chilolezo kwa inu isanagwe, lero tadziwa kuti makolo anu, mwa nzeru zawo zakuya, analola fakitale ija kutisiyira phiri limeneli kuti likhale nkhokwe ya zidzukulu. Koma nkhokweyi ikufumbwa. Muli anankafumbwe a miyendo iwiri, amalowamo ndi masefa."

Mfumu inatsokomola. M'mawa mwake Chiphulusa chinazunguliridwa ndi waya waminga, ndipo pageti panaikidwa chikwangwani: CHUMA CHA MTUNDU WONSE, MTUNDU USAYANDIKIRE.

A Kadzakumanja anapatsidwa mpando wa Mlangizi Wamkulu wa Zotsalira. Anakhalapo tsiku limodzi akumva kukoma, lachiwiri anatsetserekera ku Tilipobe n'kupeza ng'anjo zonse zitazizira. Amuna anali atakhala pazikombole akusewera bawo. Nachisale sanawaitanire mpando.

"Mwatibweretsera magolovesi aja?"

"Ndi mwezi umodzi wokha, Nachisale. Alendo akabwera, akaona, mubwereranso kuphiri, ndipo mubwerera ndi ulemu. Ndikulumbira pa manda a agogo athu."

"Manda a agogo athu mukudziwa pamene ali? Chabwino. Mwezi umodzi titha kudya mapoto atsalawa. Koma muone kumwambako. Asilikali anu atenga malata ndi malona athu onse, akuti akuipitsa phiri. Mauna ali pululu. Mvula yoyamba ikalowamo, inu ndi alendo anu ndi ife tonse tidzagawana matope."

Kutatsala sabata imodzi kuti alendo afike, bwalo linakumananso kukonza za chilandiro. Anakambirana maola awiri ngati ovina akhale kumanja kapena kumanzere kwa ndege. Kenako anafika pa nkhani ya msewu wochokera kubwalo la ndege kukafika kunyumba yachifumu, umene unali ndi maenje oti mwana wa ng'ombe akagweramo ankamuyesa wasochera. Apa a Kadzakumanja, amene palibe anawafunsa, pakamwa panawayabwa.

"Kumene ndinali ine, msewu wotere sangayendetsepo ngakhale wilibala. Munthu wa ndalama amayeza dziko ndi msana wake. Akafika msana ukuwawa, cholembera sachigwira."

Nduna zinayang'ana pakhosi pa mfumu. Kenako nkhope ya a Kapakalaimu inawala ngati mwala wopakidwa kumene.

"Mwini Dziko, Injiniya watitsegula maso! Manyazi athu ndi awiri: maenje mu msewu, ndi dzala kuseri kwa mzinda. Ndi mtundu uti umene umatenga mlendo n'kukamuonetsa kudzala? Kwathu kuno mlendo akamabwera timasesa. Ndiye titenge manyazi awa tikwirire manyazi awo. Malole atapa phulusa, akwirira maenje. Paphiri potsalapo tidzalapo kapinga. Ndipo m'mawa wa tsikulo, monga mwa mwambo wathu, tiwaza madzi kuti fumbi ligone."

A Kadzakumanja anamva mawu oti madzi ngati munthu wawaponda pachilonda. Anadziwa zonse zimene zichitike. Zinali pa tsamba lachisanu ndi chinayi la chikalata chawo, zolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Chala chawo chinanyamuka. Chinafika paphewa.

"Ndiponso," anapitiriza a Kapakalaimu, "Injiniya akwera galimoto yoyamba pamodzi ndi alendo, atavala mkanjo wa ulangizi, ndipo ndi iwo adzatanthauzire pamaso pa Mwini Dziko."

Galimoto yoyamba. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akutsegulira geti magalimoto a eni ake! Chala chija chinazengereza, ndipo pamene chinkazengereza, mfumu inatsokomola. A Kadzakumanja anachipititsa kukhutu n'kudzikanda nacho. Kenako anaomba m'manja pamodzi ndi onse, ndipo anthu amene anali pafupi amanena kuti anaomba bwino kwambiri.

Malole anagwira ntchito masiku asanu. Anang'amba khungu la phiri mbali ya kum'mawa, kumene mauna anali ambiri, chifukwa kumeneko ndiye kunali kofewa, n'kutapa mtima weniweni wouma uja. Anthu a ku Tilipobe anaima m'mbali mwa msewu akuonerera timibulu tikunyezimira m'maenje.

"Koma boma lathu latukuka," anatero wogulitsa makala wina. "Ena amakwirira ndalama m'mabanki akunja. Athuwa akukwirira pompano, poti tonse tizipondapo."

"Usadandaule," anayankha mayi wa tomato. "Aka n'koyamba chuma cha dziko kudutsa pakhomo pathu."

Tsiku lija linafika. Dzuwa lisanakwere, galimoto ya ozimitsa moto, imene inali isanazimitsepo moto chiigulireni, inayenda msewu wonse ikuwaza madzi mowolowa manja. Amayi a m'mabungwe anatsatira ndi zitini. Pofika nthawi imene ndege inkatera, msewu unali ukufuka kanthunzi, ukutentha kumapazi, ndipo fungo linali litadzuka, fungo la chimbudzi cha pabala chimene sichinatsukidwe chiyambire ufumu. Ovina ankavina misozi ili chuchuchu. Oimba malipenga ankati akakoka mpweya, lipenga n'kulira lokha ngati mbuzi.

Alendo anali atatu, ndipo anthu anawapatsa maina asanafike n'kumzinda komwe. Wonenepa wa kasikelo m'thumba anakhala Bwana Kasikelo. Wamtali wa makamera awiri anakhala Bwana Kajambule. Mayi wa tsitsi laimvi amene ananyamula chikwama cha timabotolo anakhala Mayi Kabotolo. A Kadzakumanja anakhala nawo m'galimoto yoyamba, mkanjo pamwamba pa chijasi, thukuta kamukamu. Galimoto inkayenda myaa, popanda bampu ngakhale imodzi.

Atayenda pang'ono, Mayi Kabotolo ananunkhiza, n'kuuza dalaivala kuti aime. Anatsika, anagwada pamsewu, anatapa phulusa m'kabotolo, n'kuliyang'ana padzuwa. Kenako anayang'ana msewu kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, n'kuyang'ana a Kadzakumanja.

"Ndinu amene munalemba chikalata chija?"

"Ndine, mayi."

"Chinali chikalata chabwino. Tsamba lachisanu ndi chinayi munaliwerenga?"

Anafika kunyumba yachifumu maso ali psuu, misozi ikutsika. A Kapakalaimu ananong'oneza mfumu kuti chilandiro chawakhudza mtima alendo, ndipo mlembi analemba zimenezo m'buku la mbiri ya dziko. Atatha magule, mapemphero ndi zoyankhula zisanu ndi chimodzi, alendo anapempha kuona zotsalira zija.

"Zotsalira?" anadabwa a Kapakalaimu. "Auzeni kuti kuno ndife anthu aukhondo."

Komabe anawatengera kuphiri. Mbali yoyang'ana kumsewu inali itayalidwa kapinga wochita kusenga kubwalo la mpira, ndipo miyala yoyera inalemba mawu olonjera alendo. Bwana Kajambule ataona zimenezi anagwira mutu. Anati iye chitsulo alibe nacho ntchito. Anthu amene amamupatsa ndalama kwawoko amafuna zithunzi ziwiri: china cha malo onyansa, ana osavala akusewera pafupi, china cha malo omwewo atakonzedwa. Tsono mwakonza kale, ajambula chiyani? Ndani angapereke ndalama zopulumutsira kapinga?

"Akuti chiyani?" inafunsa mfumu.

"Akuti dziko lathu ndi lokongola kuposa mmene amayembekezera," anatero a Kadzakumanja. Anthu anaomba m'manja.

Bwana Kasikelo, mpango uli pamphuno, anati iye akhoza kuganizirabe, malinga phirilo lipatsidwe kwa iye zaka makumi awiri ndi zisanu, msonkho asalipire, magetsi a mzinda ayambe afika kwa iye, ndipo mwini dziko aliyense asayandikire. Chitsulo adzapita nacho kwawo. Zotsalira za zotsalirazo, zimene n'zoipa kuposa zoyambazi, adzazisiya pomwepo, pakuti mwina zidzukulu zidzapeza wina wozifuna.

Mayi Kabotolo anawasiya pomwepo. Anazungulira kuseri, kumene malole anang'amba, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana timauna totsala. Atabwerako anayankhula mosakweza mawu.

"Zinyalala zimakhala chuma zikakhala pamalo amodzi, zili zouma. Inu mwatenga zabwino zenizeni, mwazimwaza mtunda wonse uja, n'kuzithirira ngati ndiwo zamasamba. Zotsalazi zili pamtunda, ndipo mitambo ndi iyo. Ine sindingaike ndalama pa chinthu chimene eni ake amachita nacho manyazi. Koma ndifunse: anakumba mauna awa ndani? Atsata mwabwino mokhamokha, ngati anali ndi makina oyezera. Anthu amenewa ndiwo ndikufuna kuyankhula nawo."

A Kadzakumanja anatanthauzira funso lokhalo.

"Auzeni kuti anali akuba, ndipo tinathana nawo," anatero a Kapakalaimu monyadira.

Mayi uja anatembenukira kwa wotanthauzira. "Inu simukuwadziwa?"

Msika wa Tilipobe unkaoneka poteropo, madenga ake akuphanima. Kunali kongolozako ndi chala. Koma mfumu inali ikuyang'ana, nduna zinali zikuyang'ana, ndipo Mlangizi Wamkulu wovala mkanjo angakhale bwanji msuweni wa nankafumbwe?

"Ndakhalitsa kunja, mayi," anatero a Kadzakumanja. "Anthu akuno sindiwadziwa bwino."

Aka kanali koyamba chibwerereni kunena zoona zokhazokha, ndipo anazinena pofuna kunama.

Alendo ananyamuka tsiku lomwelo, osadikira phwando, atalonjeza kuti akaiganizira nkhaniyo mofatsa. Ku Takulandirani aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo, pakuti ndi omwe boma limauza anthu ake.

Fungo lokha ndilo silinanyamuke. Linakhala mu msewu, linalowa m'nyumba yachifumu, linagona m'makatani. Patsiku lachitatu mfumu inaitanitsa bwalo maso ali ofiira ngati a njiwa. Vuto linali lakuti inkatsokomola kosalekeza, mwakuti m'mawa umodzi wokha nkhani khumi ndi ziwiri zinatha zisanayambe, ndipo nduna ina imene inangopempha madzi akumwa inapezeka kuti yanena zoona. Kumpoto mitambo inali itayamba kuda m'mimba.

A Kapakalaimu anati phirilo likhalebe lotseka mpaka alendo ataganiza mofatsa. Za fungo, anati pakhazikitsidwe komiti. Koma chachikulu, anati, papezeke wolakwa, popeza dzina la mfumu likuonetseratu kuti wolakwayo ndi wina.

A Kadzakumanja anali atagona masiku awiri osatseka maso. Anali ataganiza zoimirira n'kunena chilungamo: kuti phirilo ndi la anthu amene akulidziwa, kuti waya uchotsedwe, kuti mabanja makumi anayi ali ndi ufulu. Anali atakonza ndi mawu a anthu anzeru atatu. Koma ataimirira n'kuona nkhope za m'bwalomo, chinthu china chimene anachisiya zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo chinadzuka mwa iwo. Anakumbukira kuti m'dziko lawo munthu wamba sapatsidwa kanthu chifukwa n'kake. Chimene boma limapereka msanga, mosapereweza, popanda komiti, ndi chilango.

Anagwada, mkanjo n'kukhudza pansi.

"Mwini Dziko, olakwa alipo. Ndi opanga mapoto a ku Tilipobe. Ndiwo anafewetsa phiri ndi mauna awo, malole n'kupeza potapa. Pakanapanda iwo, alendo akanalira ndi chimwemwe chokha. Ine ndikupempha kuti musawamvere chisoni. Akumbe phulusa lonse mu msewu ndi manja awo, alichotse pamphuno panu. Akatero abwerere kuphiri, alifunditse malata ndi malona awo omwe aja, ndipo alisefe, alisenze, alitenthe m'ng'anjo zawo, tsiku ndi tsiku, iwo ndi ana awo, mpaka manyazi amenewa atatha m'dziko lanu."

M'bwalo munamveka kung'ung'udza kokhutira. Nduna zinagwedeza mitu: nkhanza zake zinali zakupsa bwino, zachikale. Mfumu inakweza dzanja kupita nalo kukamwa. Koma a Kapakalaimu, amene sankalola kuti munthu wina ayankhule komaliza, analumphira.

"Ndipo amene anaitana alendo osadya phwando la mfumu alangidwe nawo pamodzi! Avule mkanjo, agwire sefa!"

Mfumu inatsokomola.

Chigamulo chinawerengedwa masana pamsika wa Tilipobe. Mlembi anakwera pamgolo, asilikali awiri ali m'mbali, a Kadzakumanja ataimitsidwa patsogolo opanda mkanjo, opanda chijasi, malaya atamatirira kumsana. Mlembi atafika pa mawu oti "mpaka phiri litatha," opanga mapoto anatukula mitu. Amuna anayang'anana. Wina anayamba kumwetulira, Nachisale n'kumuponda phazi.

"Mayo ine!" anakuwa Nachisale, manja kumutu. "Tachimwanji ife ana amasiye? Phiri lonse lija? Bwana mlembi, ndi mbali ya kumadzulo yomwe?"

"Yonse!" anatero mlembi mwaukali.

"Ndi pansi pomwe, ponona paja? Ogo! Nanga wina akafuna kutithandiza chilangochi, wochokera kunja?"

"Saloledwa! Chilango ndi chanu nokha!"

"Mwalemba zimenezo? Lembani, bwana, kuti tisadzathawe."

Msika wonse unagwa maliro. Amayi anafunda zitenje kumaso, mapewa akugwedezeka, ndipo mlembi anakhutira kuti akulira. Amuna ena, chifukwa cha chisoni, anali atayamba kale kuthamangira kukatenga mawilibala. Wa makala anakweza mtengo pomwepo.

Kenako mlembi anayamba kuwerenga maina a olangidwa, motsata zilembo. Anawerenga a Bisaloni, a Chimtengo, a Dzoole, a Gomani. Anawerenga a Jumbe. Ndipo pakati pa a Kachingwe ndi a Kalilombe, popanda Injiniya, popanda Wolemekezeka, popanda kupuma kuti anthu aombe m'manja, anawerenga kuti Kadzakumanja, Filimoni, wa konkuno.

Pa anthu onse amene ankalira pamsikapo, mmodzi yekha ndiye ankalira zenizeni. Anayesa kunamizira fungo, koma mphepo inali ikuombera kwina.

Bingu linagunda chakumpoto. Nachisale anasiya kulira ngati watseka mpopi, anayang'ana kumwamba, n'kuyamba kugawa anthu: awa kumalata, awa kumalona, msewu udikire. Atafika pa msuweni wake anamuyang'ana kuyambira kunsapato zopukutidwa mpaka kudazi, n'kumuponyera sefa wa mphako pakona.

"Iwe Fili, pukuta m'maso. Sefa sagwira ndi dzanja limodzi."